Dalaivala wa Mawu a Agogo Anu

Iwe Tadala, chotsa mbale ya nyembayo pamwamba pa kompyuta. Si tebulo imeneyo. Ndinakumva dzulo ukuuza mnzako kuti agogo amasunga chibokosi choti nkhuku ziziikiramo mazira, ndipo Yamikani anaseka mpaka kutsamwa. Sekani, ana inu, mano akadalipo. Koma poti manja ali pa ntchito yosankha nyemba ndipo makutu angokhala, senderani kuno ndikuuzeni chifukwa chake chibokosi chimenechi sichidzatuluka m'nyumba muno ine ndili moyo.

M'menemo muli mawu a agogo anu aakazi, aNambewe. Iwe Yamikani unawapeza, koma unali wa kumsana. Tadala unabadwa titawaika kale. Mawu amenewo ndinatsala pang'ono kuwataya, ndipo mpaka lero ndikakumbukira masiku amenewo thukuta limandituluka ngakhale kuli chisanu.

Ine kwathu ndi kumphepete kwa nkhalango ya Chongoni, kuja mumadandaula kuti n'kutali ngakhale mwakwera njinga yamoto. Tinakula ndi masuku, bowa ndi mbewa zofukula tokha, nsapato osazidziwa. Kuno ku Kasina ndinabwera ndi ukwati. Ndinkayenda wapansi njira zodutsa m'minda, mame mpaka m'mawondo, mphepo ya mwezi wa Juni ikuluma makutu, zonsezo kungofuna kudzamva mtsikana wina akuimba m'kwaya. Sindinali Mkatolika n'komwe, kwathu ndife a gule. Ndinkaima panja pafupi ndi zenera la tchalitchi, kumanamizira kumanga chingwe cha chipewa chimene chinalibe chingwe. Nkhope yake ndinaiona pambuyo. Chimene chinayamba kundikola ndi mawu. Inu a masiku ano mumayamba ndi chithunzi cha pa foni, n'chifukwa chake mukakumana naye mwini chithunzi mumabwerako mutakhumudwa.

Ntchito yanga inali ya ukalaliki pa sukulu ina, ndipo chida changa chinali taipilaita. Simunaionepo inu. Inkalira ngati matalala pa malata, ndipo ukalakwitsa chilembo panalibe kabatani kobwerera m'mbuyo. Mayeso tinkawataipa pa sitensulo, n'kuwapukusa pa makina a dzanja, inki mpaka m'makutu. Agogo anu ankandilandira pakhomo ndi sopo asanandipatse moni. Kompyuta inafika imvi zitayamba kale kutuluka. Ndinaiopa kwa miyezi, kenako tinazolowerana, ndipo pamene ndinkapuma pa ntchito akuluakulu a pa sukulupo, amene anali atalandira zatsopano, anati nditenge yakaleyi ikhale yonditsanzikira. Magetsi anali atafika pa chigayo apa, ndiye tinakoka waya.

Agogo anu sanaikonde. Ankaitcha mkazi mnzawo. Ndikachedwa kudzuka pa mpando nthawi ya chakudya ankati, "Musavutike, akuphikirani akazi anu aang'onowo." Koma panali nyimbo zakale za m'kwaya ndi zina za pamtondo zimene iwo okha ndi amene ankazikumbukira mpaka kumapeto. Mphunzitsi wina atandionetsa kuti ndi kamaikolofoni kakang'ono kompyuta imatha kujambula mawu, ndinawanyengerera mpaka analola. Tinali ndi kaseti imodzi ya mawu awo, yojambulidwa kalekale, koma wailesi inaitafuna, tinayesa kuikulunga ndi bolopeni osatheka. Choncho mawu awo anatsala malo amodzi okha, m'bokosi limeneli.

Agogo anu anatisiya m'dzinja, chimanga chisanakhwime. Mwambo wonse utatha ndinayamba kumanga katundu, poti mkamwini mkazi akamwalira amayang'ana njira ya kwawo. Alamu anga anandiletsa. Anati, "Mupita kuti ndi mawondo amenewa? Khalani, ana anu ali pano." Ndinakhala. Koma kompyuta ndinaifunditsa chitenje chawo, osaiyatsanso. Ndinkati mawa, mawa, mtima ukalimba. Dzinja lina linabwera n'kupita. Ndiye tsiku lina ndikupalira kumunda ndinayesa kukumbukira mmene ankasekera, ndipo chimene chinabwera m'mutu mwanga chinali kuseka kwa mng'ono wawo. Ndinayesanso, osabwera. Ndinakhala pansi pa mzere, khasu lili apo. Nkhope ya munthu imakhala pa chithunzi, ana inu, koma mawu amathawa osatsanzika. Ndinachita mantha kwambiri.

Sabata yomweyo kunabwera malume anu Lameki kuchokera ku Lilongwe. Atamva kuti ndikufuna kuyatsanso kompyuta anasangalala, poganiza kuti bambo ake ayambanso kutaipira anthu makalata m'malo mongokhala pakhonde. Anati, "Bambo, ichi ndi chakale, chimayenda ngati bilimankhwe. Ndichitenge ndikachikonzetse chizithamanga." Ndinavomera. Za nyimbo sindinamuuze, poti sindinauzepo munthu aliyense. Ndinkaganiza kuti kukonzetsa n'kupukuta fumbi ndi kudontheza mafuta, monga tinkachitira ndi taipilaita.

Anaibweza Loweruka lina, akumwetulira. Atayatsa, zonse zinali zachilendo, mitundu ina, zithunzi zina, ngati walowa m'nyumba ya eni ake.

"Taikamo mapulogalamu atsopano ndi hadidisiki ina yaikulu," anatero. "Yakale ija ndi iyi."

Anandipatsa jumbo ya shuga, m'katimo muli kachitsulo kolemera, kukula kwake ngati sopo wochapira wodula pakati. Hadidisiki, ana inu, ndiyo nkhokwe ya kompyuta. Chilichonse chimene waikamo chimakhala m'menemo.

"Nanga nyimbo za amayi ako zili kuti?" ndinafunsa.

"Nyimbo ziti, bambo?"

Nditamuuza, mwana uja anatuwa. Anavula jekete, n'kumasula bokosi pomwepo. M'katimo muli lamba wotuwa, wotambalala, wokhala ndi pakamwa pawiri, ndiye analumikiza yakale ija pambali pa yatsopano. Atayatsa, kunali mdima. Anachotsa yakale, kompyuta inadzuka. Anabwezeranso, mdima. Kuwonjezera apo tinapeza kuti masipika sakutulutsa ngakhale kaphokoso. Analimbana nazo mpaka Lamulungu masana, osadya n'komwe, koma Lolemba ankafunika ku ntchito. Ali pa njinga yamoto, injini ikulira, anakuwa kuti, "Pa Chimbiya pali odziwa! Kachitsuloko musakagwetse, ndipo mukafunse dalaivala wa mawu!"

Ndinakwiya, sindikubisirani. Koma ungamukwiyire bwanji mwana amene amafuna kukusangalatsa? Ndipo za dalaivalazo sindinafunse kuti akutanthauza chiyani. Paja safunsa anadya phula. Ine langa ndinakadyera pa Chimbiya.

M'mawa mwake ndinakulunga bokosi m'bulangete, n'kulimanga ndi mphira pa kaliyala wa njinga. Kachitsulo kaja ndinakaika m'thumba la m'kati mwa jekete, pamtima. Pa zitunda ndinkatsika n'kumakankha, pa mabampu ndinkayenda ngati ndanyamula mazira. Kale ulendo umenewo ndinkauyenda osapumira, nditakweza thumba la kachewere ndi agogo anu pamwamba pake. Tsiku limenelo ndinapumira pa mthunzi uliwonse.

Pa Chimbiya mukupadziwa. Ndowa za kachewere m'mbali mwa msewu, kabichi, tomato, maminibasi kulizirana mahutala. Nditangotsika panjinga oitanira anandizinga.

"Madala, Lilongwe? Dedza? Katunduyu tiika kumbuyo!"

"Sindikupita kulikonse," ndinatero. "Ndikufuna dalaivala wa mawu."

Anayang'anana. Kenako mmodzi anaomba m'manja. "Wa mawu? Ndi aBingu wa Mvula amenewo! Dikirani pomwepo."

Anandibweretsera chimunthu chachitali, chonenepa, chikutafuna chimanga chootcha. Chitangoti, "Mwaswera bwanji, madala?" ndinamva m'chifuwa mwanga mukunjenjemera, ndipo ndinati mumtima, eya, uyu ndi yemweyo. Ndinamasula bulangete mwaulemu, n'kumufotokozera kuti mwana wanga wanena kuti kompyutayi siitulutsa mawu chifukwa ilibe dalaivala. Bambo uja anayang'ana bokosi, anayang'ana ine, n'kuyang'ananso bokosi.

"Madala, ine ndimayendetsa minibasi. Ichi chiwongolero chake chili pati?"

Siteji yonse inagwa ndi phwete. Iwe Yamikani, ukuseka chiyani? Unalipo? Ine ndinaima pamenepo makutu akutentha, munthu woti ndataipa mayeso a anthu amene lero ndi mabwana. Anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa kachewere. Anapukuta misozi ya kuseka ndi chitenje, n'kunena kuti, "Agogo, dalaivala wanuyo sakhala pa siteji. Pitani kuseri kwa golosale iyo, mukafunse aChisale okonza mafoni."

AChisale anali bambo wachikulire ndithu, wa magalasi omanga ndi ulusi, amene anayamba ndi kukonza mawailesi mafoni asanabwere. Ataona bokosi langa anaimba mluzu. "Zoterezi zikadalipo? Ine ndimayesa zonse zinatha." Ndinawauza zonse, kuyambira pa kwaya mpaka pa aBingu wa Mvula. Sanaseke kwambiri, anangobisa pakamwa pang'ono. Anati dalaivala amene ankanena Lameki si munthu, koma kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa kompyuta ndi chiwalo chake. Mapulogalamu atsopano aja atalowa, womasulira wakale anachotsedwa, ndiye kompyuta ndi chiwalo chotulutsa mawu zinangokhala moyang'anizana osamvana.

"Koma zimenezo n'zapambuyo," anatero. "Tiyambe taona ngati nkhokwe yanuyi ikadali ndi chimanga."

Anatembenuza mahadidisiki onse awiri n'kuwayang'ana kumbuyo, kumene kuli timano ta waya. Pa timanoto panali kapulasitiki kakuda, kochepa kuposa nyemba imene wagwirayo, Tadala.

"Vuto ndi ili. Kameneka ndi kamene kamanena kuti wamkulu ndani. Onse awiri awaika kuti ndi akulu, pa lamba mmodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi, bambo. Amene anapanga zimenezi amati wina akhale mbuye, wina kapolo."

"Kapolo ayi," ndinatero. "M'menemo muli akazi anga. Ndipo mwini mudzi ndi wakaleyu. Wobwerayu ndiye mkamwini, asakule mwendo. Mutsitseni iyeyo."

AChisale anavula magalasi n'kuseka tsopano mosabisa. Anati sizingatheke, chifukwa zodzutsira kompyuta zonse zili mwa watsopanoyo, ndipo ukamutsitsa iyeyo nyumba yonse igona. Ndinaganiza kwa kanthawi. Moyo wanga wonse ndinakhala kwawo kwa aNambewe, kulima minda ya kwawo, kupempha chilolezo ngakhale chodzala mtengo wa pichesi. Ndinati, "Chabwino. Nawonso alaweko chitengwa."

Anasuntha kapulasitiki kaja ndi kopanira kakang'ono, kuchoka pa timano tina kupita pa tinzake. Basi, ntchito yonse imeneyo. Analumikiza, n'kuyatsa. Ndinamva kulira kumene ndinkakudziwa bwino, kwa hadidisiki yakale ikamadzuka, kete-kete-kete, ngati chiswe m'denga. Kompyuta sinagone. Pa galasi la kompyuta panatuluka kabokosi kofunsa funso, ndipo dzanja langa, pozolowera kuvomera chilichonse chimene kompyuta yafunsa, linanyamuka lokha. AChisale analigwira m'malere. Anati mafunso a kompyuta sayankhidwa munthu asanawerenge, chifukwa lina limakhala loti ifufute nkhokwe yonse iyambe pachabe. Ili linali longofuna kuyendera m'katimo, koma anakana ndithu. Anandipatsa mpando, ndinakhala pansi.

Kenako anatsegula, ndipo zonse zinalimo. Makalata a anthu, mapulogalamu a maukwati, ndi pansi pake mayina amene ndinataipa ndekha, a nyimbo za agogo anu. Ndinati, tsegulani imeneyo. Anatsegula. Kompyuta inati siikuidziwa. Anaikopera pa kompyuta yawo ya m'manja, imene inkaimba bwinobwino nyimbo za anthu ena, nayonso inakana. Anati pulogalamu imene ndinkajambulira inkasunga mawu m'njira yakeyake, ndipo popanda iyo palibe chingawatsegule. Anafufuza pa intaneti ndi foni yawo mpaka dzuwa linafika pamutu. Kampani imene inapanga chiwalocho inatha kalekale. Anapezako dalaivala wina wofanana dzina, koma atamuika anangokhala duu.

Pamenepo ndiye panandiwawa kuposa paja panali mdima. Dzina ndikuliona, ndikudziwa kuti munthu ali m'katimo, koma chitseko chilibe kiyi.

"Bambo," anatero aChisale, "kompyutayi pobwera inali ndi chimbale chake. Dalaivala ndi pulogalamu yojambulira zimakhala m'menemo. Simunachionepo? Chozungulira, chonyezimira, chobowoka pakati."

Ndinayamba kufufuza m'mutu, m'kabati, m'sutikesi, pansi pa bedi. Ndiye ndinaimirira ndi liwiro loti mawondo anga anaiwala kuti ndi okalamba. Ndinatuluka panja. Kumbuyo kwa njinga yanga, pansi pa kaliyala, chinali pomwepo, chomangidwa ndi waya pa bowo la pakati, matope ali mbuu. Agogo anu ndi amene anachimangirira pamenepo zaka zambiri zapitazo. Ankaopa kuti galimoto zingandigunde ndikamachokera ku msika dzuwa litapendeka, ndiye anatenga chonyezimira m'dirowa ya mkazi mnzawo uja osandifunsa. Ineyo ndinangoti zikomo, osawerenga zolembedwapo. Dalaivala amene ndinachita naye manyazi pa siteji ndinali nditamukweza pa njinga kuchokera kunyumba.

AChisale anachitenga ndi nsonga za zala, akupukusa mutu. Chinali ndi mikwingwirima ngati nkhope ya mwana wogwera m'minga. Anachitsuka ndi madzi, n'kuchipaka mankhwala otsukira mano, n'kumachipukuta pang'onopang'ono ndi kansalu, kuchokera pakati kupita m'mphepete. Anati asandinamize, mwina chiwerengeka, mwina ayi. Atachiika, kompyuta inabuula, inabuula, n'kuchilavula. Anachipukutanso. Ine ndinali nditayamba kale kolona chamumtima, ndipo sindibisa, ndinatchulako ndi makolo a ku Chongoni, poti tsiku lotero sukana thandizo la aliyense.

Ulendo wina chinagwira. Mapulogalamu atsopano aja anayamba matama, akuti dalaivala ameneyu ndi wakale, sitikumudziwa. AChisale anawanyengerera, kudina apa, kudina apo, kuwauza kuti amulandire monga mmene ankalandiridwira kale. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Podzuka, masipika analira kanyimbo kakafupi kolonjera, mokweza zedi, moti mayi wa kachewere uja, amene anabwera kudzasuzumira pakhomo kuti aone mmene zathera, anadumpha n'kugwira pamtima. Ine ndinapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira Loweruka.

Pambuyo pake aChisale anasandutsa nyimbo zonsezo kuti zizimveka pa chilichonse, n'kuzikopera malo angapo. Malume anu ali nazo pa foni, amayi anu ali nazo, a kwaya anaphunzira zija zinatsala pang'ono kuiwalika. Lameki nditamuimbira analira ngati mwana, ndipo mpaka lero akafuna kukhudza chinthu changa amafunsa kawiri. Anthu akhala akundiuza kuti tsopano bokosili lilibe ntchito. Mwina akunena zoona. Koma inu mungataye nyumba imene munthu wanu anakhalamo chifukwa choti wasamuka?

Ndiye tibwerere mu shopu muja. AChisale anandisunthira mbewa ya kompyuta n'kunena kuti, "Dinani nokha, bambo." Ndinasankha yoyamba yeniyeni, ya tsiku limene tinayamba kujambula. Ndinkayembekeza nyimbo ya Maria imene ankaikonda, ndipo ndinali nditavula kale chipewa.

Kunamveka kaphokoso ka mpando ukukokedwa. Tambala analira chapatali, tambala wathu wofiira amene tinadya kalekale. Wina anakhosomola. Kenako mawu aja, omwe aja, okwera pang'ono kumapeto ngati nthawi zonse akatopa nane:

"Inu bambo a Lameki, chayamba kale chinthu chanuchi? Nanga mbuzi zija mwamangirira, kapena zikudya nyemba za eni ake?"

ANambewe anadikira yankho. Ndipo ine, nkhalamba ya imvi, chipewa m'manja, pamaso pa anthu osawadziwa, misozi ikutsikira m'ndevu, ndinayankha mokweza.

"Ndamangirira kale, aNambewe. Imbani."

Ndipo anaimba.